Sabata imodzi ndi Kanthochi m'misewu ya ku Zomba

Loweruka, usiku

Ndikulemba ndili pakhonde kuno ku Matawale, maso ali pansi pa mtengo wa mango pomwe galimoto yanga yakale ya Mira yakhala ikugona zaka zisanu ndi chimodzi. Lero pagona ina. Ndi Suzuki Swift Sport ya 2013, yachikasu ngati nthochi yakupsa, moti ana a pamzere pathu anaipatsa dzina ndisanazimitse n'komwe injini. Akuti Kanthochi. Ndatenga tchuthi cha sabata yathunthu kuti ndikadziwe bwino kagalimotoka, ndipo madzulo alionse ndizilemba zimene ndaona.

Ndinakakatenga ku Limbe m'mawa, alamu anga anandiperekeza. Amene anandigulitsayo anachita kuitanitsa ku Japan, kanatsikira ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, koma anangoyendamo miyezi yochepa chifukwa akunyumba kwake amadana ndi zosintha magiya. Ine magiyawo ndi amene ndimafuna. Ndi manual ya magiya asanu ndi imodzi, injini ya 1.6 yopanda turbo, papepala amati 136 horsepower. Mira ija ndi ya 660cc, masilinda atatu, mphamvu zake sizifika ndi theka lomwe la pamenepa.

Nditangodina batani loliza injini, mayi wina wosaoneka anayamba kuyankhula Chijapani pansi pa chiwongolero. Alamu anadzambatuka pampando. "Alamu, mwagula ndi mzimu womwe?" Ndi kabokosi kolipirira misewu ya ku Japan, kamadandaula kuti mulibe khadi. Wailesi nayo ndi ya komweko, manambala ake amathera pa 90, ndiye mawailesi athu ambiri sagwira mpaka nditakaikitsa kachida kowonjezera. Tinabwera njira yonse tikumvera injini.

Pa Njuli tinapeza lole ya miyala ikukwawa, utsi uli tolotolo. Ikanakhala Mira ndikanayamba ndawerengera mtunda, kuzimitsa AC, kupemphera, kenako n'kusintha maganizo. Apa ndinangotsitsa giya kuchoka yachisanu kupita yachitatu, kuponda moto, ndipo loleyo ndinangoiona pagalasi. Alamu anangoti "Eee!" n'kugwira chogwirira cha pamwamba pa chitseko, sanachisiyenso mpaka pa Namadzi. Pa Thondwe m'pamene ndinakumbukira kuti ndili m'dziko la anthu: njinga, mbuzi, amayi a tomato, minibasi itaima pakati pa msewu kutsitsa thumba la makala. Mphamvu zonse zija zinangokhala m'thumba. Chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles) tinachidutsa dzuwa lili pamutu.

Chimodzi chimene ndaona kale lero: m'kati mumamveka phokoso la matayala kuposa mmene ndimayembekezera.

Lamulungu

Tsiku la banja. Tinakwera anthu asanu kupita ku tchalitchi: ine, mayi akunyumba, ana awiri ndi apongozi amene akucheza kwathu mwezi uno. Pa hampu yoyamba penipeni tinangomva khwee pansi. Mtima wanga unachita ngati wakhulika ndi womwewo. Kagalimotoka kanatalikirana ndi nthaka ndi masentimita 13 okha kalibe munthu, ndiye mukadzazana kumbuyo kamakhalira pansi. Ndaphunzira kulowa hampu chammbali, tayala limodzilimodzi, ngati nkhanu. Akabaza amene amakhala kumbuyo kwanga amaliza mahutala, ena amandidutsa akuseka.

Mashoko ake ndi olimba dala, kuti isamapendekeke pokhota. Kutsogolo zimamveka bwino chifukwa mipando yake imakukumbatira m'nthiti, koma kumbuyo ndi nkhani ina. Apongozi sanadandaule, si anthu oyankhula pamaso pa mkamwini. Anangofunsa mwana wawo motsitsa mawu potsika paja kuti, "Kodi ija yoyera ija munaigulitsadi?"

Pobwerera tinayesa buti. Thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50 linalowa chogona, n'kutsala malo a kachikwama ka m'manja basi. Mayi anangoyang'ana, osanena kanthu. Tikudziwana, kukhala chete koteroko kumakhala ndi tsiku lake.

Lolemba

Palibe ulendo. M'mawa wonse unathera pa inshuwalansi, masana pamzere wa mafuta. Pamzere wotero kilatchi imakuuza kuti ilipo: kuponda, kusuntha mikono iwiri, kuponda, mpaka mwendo wamanzere kuchita dzanzi. Wa Sienta amene anali patsogolo panga, yake ndi automatic, amangodya chimanga chootcha.

Ku Japan galimoto iyi anailembera petulo wa octane wokwera. Kuno pampu ya petulo ndi imodzi, wathu yemwe uja wosakaniza ndi ethanol wa nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Makaniko wanga akuti injini za masiku ano zili ndi kachida komva ngati mafuta akupsa msanga, kompyuta n'kubweza moto pang'ono, ndiye ndisadere nkhawa, kungoti ndisamaikakamize pa giya yaikulu pamtunda. Thanki ndi ya malita 42. Ndadzaza, ndipo ndafufuta manambala a pa dashibodi kuti ndiyambe kuwerenga mafuta kuchokera pa ziro.

Lachiwiri

Lero ndiye tsiku limene ndinagulira galimotoyi, ndisaname.

Ndinadzuka 5 koloko, ndekha, nyumba yonse ili m'tulo. Ndinadutsa m'tauni mashopu asanatsegule, n'kukhotera kumtunda kumene kuli nyumba zakale za boma, za nthawi ija Zomba inali likulu la dziko lino mpaka 1975. Majakaranda ayoyola maluwa msewu wonse. Kenako nyumba zimatha, msewu umayamba kudzipinda m'mbali mwa phiri, thanthwe mbali ino, phompho mbali inayo.

Msewu umenewu ndaukwera kambirimbiri pa Mira. Ndimadziwa pamene inkayamba kulira ngati chigayo, pamene ndinkabwerera ku giya yoyamba, ndi pamene tsiku lina ana anatsika n'kuyenda wapansi kuti ipepukidwe. Lero phiri lomwelo linasanduka lina. Injini ya Kanthochi pansipansi ndi yofatsa, moti munthu atha kunena kuti palibe chachilendo. Koma muvi ukangodutsa 4,000 mawu ake amasintha, imachita ngati yatsokomola n'kudzuka, ndipo imakoka osatopa mpaka chakuma 7,000. Ndiye pamtunda wotere umangosewera pakati pa giya yachiwiri ndi yachitatu. Ndodo ya giya ndi yaifupi, imalowa ndi dzanja lochepa, tcha, tcha. Pokhota ukatembenuza chiwongolero mphuno imalowa nthawi yomweyo, thupi osagwera mbali. Mashoko aja amene anazunza apongozi Lamulungu, ntchito yake ndinaiona pano. Kagalimotoka n'kopepuka, kamangopitirira pang'ono tani imodzi, ndipo kupepukako umakumva m'manja.

Pa kona ina ndinazindikira kuti ndikuseka ndekha, munthu wamkulu wa ana awiri.

Koma msewu wa kuphiri si wa ine ndekha, ngakhale m'mamawa. Nditangotuluka pa kona yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi ndinakumana ndi bambo akutsika ndi njinga yosanja nkhuni kupitirira mutu wawo. Sanakwere, amaigwira pambali, thupi lonse atalikhotetsera kumbuyo, mapazi akukhwekhwereza pa tala kuti katunduyo asawathawe. Kumbuyo kwawo kunali ena atatu, kenako amayi atasenza mitolo yaitali imene imadya theka la msewu akamatembenuka. Munthu wotero sangaime mwadzidzidzi, sangapatukenso. Ndinaponda mabuleki, galimoto inaima bwinobwino patali ndithu, koma manja anga ananyowa. Kuchokera pamenepo ndimaliza hutala pa kona iliyonse yosaoneka kutsogolo ndipo sindinadyenso mbali ya eni ake. Chodabwitsa n'chakuti kukoma sikunachepe. Galimotoyi sifuna liwiro lalikulu kuti ikusangalatse, pa 50 pomwe m'makona umamva kuti ukuyendetsa chinthu chamoyo.

Chapamwamba ndinapeza anyani atakhala pakati pa msewu kuothera dzuwa. Wamkulu wawo anayang'ana chikasu chija nthawi yaitali asanasunthe.

Ndinaima pafupi ndi Ku Chawe n'kutsika. Kuzizira kwake ngati si October. Pansi tauni yonse imaoneka, koma Mulanje anabisika mu utsi ndi fumbi la chilimwe, kumangooneka mthunzi wake. Mapaini amene tinkawaona tili ana m'malo ambiri mwatsala zitsa. Ndinapitirira mpaka ku damu la Mulunguzi, kumene kumachokera madzi a m'mipopi yathu, ndinakhala kanthawi injini ikuzizira, ikuchita ting'iting'i.

Maganizo anga anali oti ndikafike ku Queen's View ndi ku Emperor's View, kumene anakaima Haile Selassie wa ku Ethiopia atabwera mu 1965. Mnyamata wina wa amene amaperekeza alendo anazungulira galimoto, anagwada n'kusuzumira pansi, kenako anati, "Bwana, aka kokongola, koma uko sikakafika. Mukasiya bampa m'njira." Tala akatha kumtunda kuja ndi miyala ndi ngalande zokumbika ndi mvula. Ndinamumvera. Tinakasiya pamthunzi n'kuyenda wapansi kupita ku Williams Falls, iye akundifunsa mtengo wake, ine ndikuzemba.

Potsika ndinaika giya yachiwiri n'kuisiya injini igwire yokha, mabuleki n'kumangogusa pofika pa kona. Pa Mira ndinkafika m'tauni mabuleki akununkha ngati mphika wopserera. Iyi ili ndi ma disc matayala onse anayi, ndipo ndinafika pansi phazi likumva chimodzimodzi ngati poyamba. Ndinagula mastroberi mbale ziwiri kwa anyamata a m'mbali mwa msewu, atandiyamba ndi mtengo wa azungu chifukwa cha galimoto. Pa Mira sankanditero.

Dashibodi ikuti makilomita 10 pa lita. Ndaiona, ndayang'ana kumbali.

Lachitatu

Ndilembe mwachidule chifukwa ndatopa, ngakhale nkhani yake si yaifupi.

Apongozi amafuna mpunga ndi matemba a ku Kachulu kuti akanyamule pobwerera kwawo. Mayi anati tipemphe pikapu ya aneba. Ine, mastroberi a dzulo akadali m'mutu, ndinati tipita pa yathu yomweyi, n'chilimwe, msewu ndi wouma. Mtunda wake ndi makilomita ngati 30 basi.

Tala atangotha ndinadziwa kuti ndalakwitsa. Msewu wa fumbi uja uli ndi timizere topingasa ngati malata, ndipo mashoko olimba amakupatsira kamzere kalikonse m'msana. Dashibodi imanjenjemera, magalasi amalira, mwana wamng'ono amayankhula mawu akudukaduka n'kumaseka. Ndimayenda pa 20. Ma Sienta odzaza anthu ndi madengu pamwamba amandipitirira ngati ndaima, kutisiyira fumbi loti kobo. Chikasu chija chinasanduka kofiira.

Tisanafike n'komwe, kutsogolo kumanzere kunamveka phuu, chiwongolero n'kulemera. Mwala wakuthwa unang'amba tayala m'mbali. Matayala ake ndi 195/45 R17, kutanthauza kuti mphira wa pakati pa rimu ndi msewu safika masentimita 9. Pa tala ndi amene amachititsa kuti imve chiwongolero msanga. Pamiyala alibe pothawira.

Ndinatsegula buti, kutukula kapeti kuti nditenge sipeya. Mulibe. Muli kabotolo ka mankhwala omatira, koti masiku ake anatha kalekale, ndi kapampu kolumikiza ku magetsi a galimoto. Umu ndi mmene zimabwerera kuchokera ku fakitale, ndipo ine Loweruka lija ndinayang'ana injini, ndinayang'ana mipando, pansi pa kapeti osayang'anapo. Mankhwalawo ngakhale akanakhala atsopano amathandiza pa msomali, osati pong'ambika polowa chala.

Apongozi anatsika mwakachetechete, anayala chitenje pansi pa mtengo, posakhalitsa anali atapeza amayi anzawo a pamudzipo akukambirana za mitengo ya feteleza. Ine ndinakwezera pa jeke, ana a m'mudzi atandizinga, ena akudziyang'anira pa chitseko. Ndinaimitsa wa njinga yamoto, ndinakwera tayala lili pamiyendo mpaka pa kamsika kena pomwe pali womata matayala. Mkuluyo analitembenuza kawiri, n'kuti, "Achimwene, ili ndi tayala kapena lamba?" Anaika chigamba chachikulu m'kati n'kundichenjeza kuti chingondifikitsa kunyumba, ndisakayerekeze kuthamanga nacho.

Ku Kachulu sitinafike. Nyanja ya Chilwa tinangoionera patali, kamzere kotuwa ndi chilumba cha Chisi chitatumphuka pakati. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya, inaphwerapo mu 1968 ndi mu 1995, ndipo miyezi ino madzi amathawira kutali ndi gombe. Mpunga tinagula kwa mayi wina wa pamudzi pomwe tinafera paja, apongozi ndi amene anatsatsa. Matemba ayi.

Pobwerera, galimoto yonse ili zii, ndinapepesa. Apongozi anayankhira kumbuyoko, osayang'ana kwa ine: "Musadandaule bambo. Walira mvula walira matope." Mayi anayang'ana pawindo, mapewa akugwedezeka.

Lachinayi

Tsiku lonse lathera pa tayala limodzi. Ndayenda kwa onse ogulitsa matayala amene ndikuwadziwa m'tauni muno, atsopano ndi akaunjika omwe. Ma 13, ma 14, ma 15 ali mbwee, a Mira, a Vitz, a Sienta. Ukatchula 17 amakutulutsira lalikulu la galimoto zazitali. Wina anandiuza kuti tiikepo lomwelo, "lilowa bwana, kungopanikiza." Ndinathokoza n'kuchoka. Pamapeto pake alamu analipeza ku Limbe, analikweza minibasi, ndinakalilandira pa depoti cha m'ma 3 koloko litakhala pampando wakewake, ndipo kondakitala anandilipiritsa ngati munthu. Mtengo wa tayala limodzili ndikanagula awiri a Mira n'kutsala chenji cha mafuta.

Makaniko wanga, amene wakhala akundikonzera galimoto kuyambira kale ndipo amandiyankhula mosapsatira, anakaika pa dzenje n'kuyang'ana kunsi ndi tochi ya pafoni. Pulasitiki ya pansi pa bampa yakhulika, china chilichonse chili bwino. Malangizo ake ndi akuti nditsike pa rimu 17 kupita pa 16 n'kuika matayala a mphira wokwererapo, 195/55. Galimoto ikwera pang'ono, mamilimita owerengeka, koma chachikulu n'chakuti tayala lizitha kumeza maenje. Ndinati ndiye ndingopeza marimu a Swift wamba, zadzaza m'tauni muno. Anaseka. "Akulu, werengani manati." A Swift wamba ndi anayi, a iyi ndi asanu. Choncho ngakhale sipeya sindingabwereke kwa mnzanga wa Swift.

Anandipezera rimu yachitsulo ya mabowo asanu pa mulu wa zakale kuseri kwa galaja, tinayesa, inalowa osakhudza mabuleki, tinaikapo tayala lakaunjika. Ndiye tsopano sipeya ndili nayo. Yagona m'buti, ndipo thumba la chimanga lija malo ake apita.

Za marimu 16 ndamuuza kuti ndiganize kaye. Ndikudziwa kuti akunena zoona. Koma ndikuopa kuti chimene ndinachimva m'manja pa makona a kuphiri Lachiwiri chingachepe, ndipo ndicho ndinaperekera ndalama zanga.

Lachisanu

Mayi ndi amene anayendetsa lero, kupita ku Domasi kukaona azakhali awo. Anaphunzirira pa manual kalekale ndipo dzanja silinaiwale. Msewu wa ku Liwonde uli ndi zigamba ndi maenje ake, ndiye ine pampando wa pambali ndimangoti "dzenje, dzenje," mpaka anandiuza kuti ndikapitiriza anditsitsa pa Songani ndikwere kabaza. Titadutsa Songani panapezeka kamtunda kowongoka kopanda anthu, ndinaona atsitsa giya okha, muvi n'kukwera. Sanaseke ngati ine, koma pobwerera makiyi sanandipatse.

Chigamulo chawo anachipereka tikudya nsima kwa azakhali. Akuti mpando wa dalaivala ndi wabwino kuposa mipando ya pabalaza pathu, AC imazizira ngakhale pamtunda, ndipo podutsa malole mtima sukhala m'mwamba. Koma pa maliro, pa ukwati, pokatenga chimanga kumudzi, tizipempha ya aneba ndipo wothira mafuta ndine. Ndavomera pamaso pa azakhali, ndiye sindingabwezenso.

Mafuta a sabata yonse, kuphatikiza phiri, fumbi la ku Kachulu ndi mizere ya m'tauni, dashibodi ikuti makilomita 13 ndi kadontho pa lita. Mira inkandipatsa pafupifupi 18 osaipempha. Kusiyana kumeneko ndizikumva mwezi ndi mwezi. Kwa munthu amene galimoto yake ndi imodzi yomweyo ya kumunda, ya kusukulu ndi ya kumudzi, sindingamulimbikitse kugula iyi, pokhapokha ngati kumudzi kwawo kuli tala mpaka pakhomo. Ine ndiisunga. Ku ntchito ndi makilomita ochepa a tala, ndipo phiri ndimaliona ndikangotsegula chitseko.

Madzulo ano tikulowa m'tauni, pa hampu ya pafupi ndi msika, ine ndikuwalangiza mayi kuti alowe chammbali, kumanja kwathu kunatulukira Mira yoyera. Ndinaizindikira ndi galasi lakumanzere limene ndinamanga ndi waya chaka chatha. Mnyamata amene ndinamugulitsa anaisandutsa takisi. Munali anthu asanu ndi awiri, buti ili yasa, miyendo ya nkhuku ikusuzumira m'dengu. Inakwera hampu ija mowongoka osakhula pansi, dalaivala anandiimbira hutala kawiri, n'kutisiya tikadali pa tayala lachiwiri.

Alamu ya pafoni ndaitchera 5 koloko. Mayi akuti mawa kuphiri tipitira limodzi, ndipo pokwera ayendetsa ndi iwo.